Jombo, patapata kapena phazi lokha: chiti chiyenera dothi la kuno kum'mawa?

Pa nkhani ya mapazi, agogo akumudzi ndi anesi a kusikelo samvana, koma palibe amene akunama. Agogo adzakuuzani kuti anakula osadziwa nsapato, ankachoka ku Chiparamba kukagulitsa nshawa ku boma n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero mwendo wawo ngolimba kuposa wa adzukulu awo ovala masokosi. Anesi akaona mwana woyera m'zikope ndi m'zikhato, wotopa msanga, amafunsa kuti, "Amayi, kodi mwanayu popita kuchimbudzi amavala kanthu kuphazi?" Agogo akukamba za mafupa ndi minofu, pamene anesi akukamba za tizilombo tokhala m'dothi. Choncho njira zimene tili nazo kuno ku Chipata ndi m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Zambia, kuyenda osavala kanthu, patapata, masandasi, nsapato yotseka ndi jombo, ndiziyesa ndi malo amene phazi likuponda, nyengo yake, ndi thupi la mwini phazilo.

Phazi lokha

Tiyambe ndi mbali ya agogo, chifukwa ili ndi umboni. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, ndipo minofu yake imalimba ikamagwira ntchito. Taonani phazi la mlimi amene wakula osavala nsapato: ndi lotambalala kutsogolo, zala zotayana, chala chachikulu cholunjika kumene akupita. La munthu amene wakhala zaka zambiri mu nsapato yosongoka limakhala ndi zala zothithikana, chachikulu chitapindikira kwa zinzake.

Mu 1992 madokotala awiri a ku India, Rao ndi Joseph, anaunika zidindo za mapazi a ana 2,300. Mwa ana ovala nsapato, 8.6 pa 100 alionse anali ndi phazi lathyathyathya, lija lopanda kampata pakati, loti likaponda pamchenga limadinda lonse. Mwa osavala, anali 2.8 okha. Vutoli linali lalikulu kwa ovala nsapato zotseka, locheperapo kwa ovala masandasi ndi patapata. Khanda lililonse limabadwa ndi phazi lathyathyathya, kampatako kamaumbika mwana akamakula, ndipo zikuoneka kuti kuthamanga ndi kudumpha osavala kanthu kumathandiza ntchito imeneyi.

Khungu lokhuthala la kunsi kwa phazi, limene a m'tauni amaliseka, nalo lili ndi ntchito. Mu 2019 gulu la akatswiri, mmodzi mwa iwo Daniel Lieberman wa ku yunivesite ya Harvard, linayeza mapazi a anthu a ku Kenya ndi a ku America. Linapeza kuti oyenda osavala nsapato ali ndi khungu lokhuthala ndi lolimba, koma kukhuthalako sikuwalepheretsa kumva chimene aponda. Mphira wa nsapato umateteza pochotsa kumvako, khungu limateteza osakuchotsa. Okonda mtsutso amathamangira kutchula Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene anapambana mpikisano wa Olimpiki wa makilomita 42 ku Rome mu 1960 osavala nsapato. Amaiwala dala kuti mu 1964 ku Tokyo anapambananso atavala nsapato, ndipo anathamanga mofulumira kuposa poyamba.

Tsono khungu lija, ngakhale likhuthale bwanji kunsi, pakati pa zala ndi pamwamba pa phazi n'lofewa. Apa m'pamene anesi amalowera.

Pali mtundu wa njoka za m'mimba, zimene achipatala amati hookworm, zosadzera pakamwa monga timaganizira ambiri. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu amene ali nazo. Akagwera pa dothi lonyowa, lofunda, lamthunzi, amaswa m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 10 timphutsi take, tosaoneka ndi maso, timakhala tokonzeka kuboola khungu. Tikalowa timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo, timakwera kukhosi, munthu n'kutimeza osadziwa, kenako timakakamira m'matumbo n'kumayamwa magazi. Munthu wamkulu wodya bwino akhoza kukhala nazo osazindikira. Mwana ndi mayi woyembekezera ndiwo amaonongeka: magazi kuchepa, kufooka, kuodzera m'kalasi.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti timphutsiti sitili paliponse. Dzuwa likaumitsa dothi timafa. Bwalo losesedwa, lowombedwa ndi dzuwa, silifanana ndi kuseri kwa chimbudzi, pansi pa nthochi, m'munsi mwa mango kumene ana aang'ono amakadzithandiza, kapena kanjira ka kuthengo m'mudzi umene ulibe zimbudzi zokwanira. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene pansi sipauma, malo oterewa ndi oopsa kwambiri. Mankhwala a njoka amene ana amapatsidwa pa sabata ya umoyo wa ana, imene imachitika kawiri pachaka, amapha zimene zili m'mimba tsikulo. Mwana akabwerera kukaponda pomwe paja, pakatha miyezi ingapo zadzazanso.

Mvula ikatha, mdani amasintha. Matekenya amakonda fumbi ndi mchenga wouma, ndipo amachuluka m'chilimwe, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Anafika mu Africa pa sitima zapamadzi, ndipo kuchokera ku gombe la Angola m'zaka za m'ma 1870 anafalikira mpaka kum'mawa. Thekenya lalikazi limaboola khungu, makamaka m'mbali mwa zikhadabo, pakati pa zala ndi pachidendene, limatupa mpaka kukula ngati njere ya nandolo, n'kumataya mazira pansi kwa milungu ingapo. Nkhumba, agalu ndi makoswe amalisunga. Ife a chigawo chino, kuyambira ku Petauke, Katete mpaka Chipata, timaweta nkhumba kwambiri, ndipo m'midzi yambiri pakatha kukolola zimangoyendayenda mpaka pakhonde. Pamudzi wotere mwana woyenda osavala kanthu amakhala akuponda fumbi limodzi ndi nkhumbazo tsiku lonse.

Thekenya limodzi si nkhani yaikulu. Nkhani imakula pochotsa: phini kapena munga umodzi kuzungulira ana onse a pakhomo, chilonda n'kusiyidwa poyera pafumbi. Pamenepo mafinya amayamba, zikhadabo zimaonongeka, ndipo khomo la kafumbata latseguka. Matekenya akachuluka, kapena pakatupa ndi kufiira, ndi nkhani ya kukiliniki.

M'tauni sindiona chifukwa chokambirana nthawi yaitali. Mabotolo osweka, misomali, mawaya, malata odzimbirira, madzi a m'ngalande osefukira m'njira za ku Kapata, Mchini kapena Nabvutika mvula ikagwa, ndiponso phula la mu Okutobala masana, limene limawaula ndithu phazi la mwana. Kumsika ndi m'misewu valani kanthu.

Patapata, amene timamukhulupirira mopitirira

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi patapata pakhomo, ndipo ambiri tikamuvala timati tavala nsapato. Ubwino wake ndi woona. Ndi wotchipa, amatsukika, amauma msanga, phazi limapuma, zala sizipanikizika. Kubafa ndi kuchimbudzi palibe chomuposa, ndipo ngati pakhomo pangapezeke ndalama ya chinthu chimodzi chokha, patapata wa aliyense wopitira kuchimbudzi amatseka njira yaikulu ya njoka zija.

Kupitirira pamenepo amalephera. Zala ndi m'mbali mwa phazi zili pamtetete, ndiye matekenya samuona ngati chotchinga. M'matope amaterera, amamira, amathira matope kumiyendo, ndipo munthu amatha n'kumuvula n'kumunyamula m'manja pamalo penipeni pamene amafunika. Munga wa mthethe kapena chiputu cha palupsa chimaboola mphira wofewa uja mosavuta, makamaka akayamba kutha. Poyenda mtunda wautali zala zimakhala zikukokera kachingwe kuti asavuke, ndipo madzulo phazi ndi katumba zimawawa. Pa njinga, m'tauni muno mmene njinga ndi honda ndizo zimanyamula anthu ambiri, patapata ndi amene amasiya chala pamwala kapena m'sipoko.

Ndiye pali patapata wakutha uja, wodyeka kumbuyo mpaka chidendene chikukhula pansi, kachingwe kogwiriziza ndi msomali kapena waya kunsi. Ameneyo chitetezo chake chinatha kale, chatsala ndi msomali woyembekeza phazi.

Masandasi okhala ndi lamba wa kumbuyo amachotsa theka la mavuto amenewa: savuka, zala sizivutika kugwira, ndipo mphepo imapitabe. Nkhwayira za matayala, zimene ena amachita nazo manyazi, ine ndimaziyamikira. Munga suboola tayala, sizitha msanga, ndipo kunsi kwake n'kosalala kopanda chidendene chokwera, kotero phazi limaponda pafupifupi monga limapondera lili lokha. Kwa mbusa wa ng'ombe, wotema nkhuni, woyenda m'njira za miyala m'nyengo yotentha, zimaposa nsapato zambiri zodula. Malamba ake akakhala atsopano amatupitsa matuza, ndipo zala zimakhalabe poyera.

Nsapato yotseka

Pa kutchinga minga, magalasi, fumbi la matekenya ndi dothi la njoka za m'mimba, nsapato yotseka imaposa zonse tatchulazi. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, kumene kumang'amba zidendene mpaka ming'alu kutuluka magazi, nakonso kumachepa mphamvu phazi likakhala m'sokosi. Vuto lake n'lakuti kuipa kwake sikuoneka tsiku lomwelo.

Nsapato yothina pa phazi la mwana ndi yoipa kuposa kusavala, ngati pamene akupondapo pali poyera. Mafupa a mwana akadali ofewa, ndipo amatsata mpata umene apatsidwa. Kuyambira 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana ambiri akupita kukaphunzira, koma yunifomu ndi nsapato zikadali pamutu pa kholo, ndipo nsapato imodzi imayembekezeka kutha chaka, mwina ziwiri, kenako kupita kwa mng'ono wake. Mwana sanena kuti yathina, amaopa kuti akanena akhala wopanda. Muoneni akavula: zala zofiira, mizere ya nsapato pakhungu, chikhadabo cholowa m'mnofu, chidendene cha nsapato chopondedwa kumbuyo. Wina mudzamuona akuyenda nsapato zili m'manja, n'kuzivala pageti la sukulu. Mwina akuzisunga kuti zisathe, mwina zikumuluma; mufunseni.

Amayi ambiri popita kukagula ku Saturday Market kapena ku Down Shops amathyola kamtengo kapena kudula kachingwe kolingana ndi phazi la mwana. Nzeru imeneyi imayeza kutalika kokha. Phazi la mwana wakumudzi amene wakula akuponda pansi limakhala lotambalala, ndipo nsapato yokwana m'litali ikhoza kumufinya m'mbali. Ndi bwino kupita naye, kapena kumuimika pa katoni n'kulemba mozungulira phazi ataimirira, kudula, n'kukalowetsa katoniyo mu nsapato. Ikapindika m'mbali, isiyeni. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa chala chachikulu cha dzanja chopingasa. Kuyesa kuchitike masana kapena madzulo, chifukwa phazi limatupako tsiku likamapita, ndipo ayese zonse ziwiri atavala masokosi. Kugula yaikulu kwambiri kuti akule nayo kumabweretsa matuza ndi kupunthwa, ngakhale pa zoipa ziwirizi ine ndingasankhe yokulirapo pang'ono.

Salaula ndiye amatipulumutsa ambiri, ndipo nthawi zina mumapezeka chikopa chabwino kuposa cha nsapato zatsopano zotchipa. Ikani nsapatoyo pamalo osalala n'kuiyang'ana kumbuyo: ikapendekera mbali imodzi, yatengera kayendedwe ka mwini wake woyamba ndipo idzapendeketsa inunso. Pisani dzanja m'kati kufufuza misomali ndi zosokedwa zotumphuka. Mukafika kunyumba itsukeni, iume padzuwa kwenikweni musanavale.

Thukuta ndi vuto lina. Nsapato zapulasitiki ndi zachikopa chabodza sizitulutsa mpweya, ndipo m'kutentha kwa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa ku Mambwe ndi Mfuwe kumene kumafika madigiri 40, phazi limakhala m'madzi tsiku lonse. Zotsatira zake ndi fungo, khungu loyera losupuka pakati pa zala, kuyabwa, ndi zikhadabo zokhuthala zachikasu. Matenda amenewa ndi a ovala nsapato. Mwa oyenda osavala sapezekapezeka. Mankhwala ake oyamba ndi kupukuta pakati pa zala mukasamba, masokosi ochapa tsiku ndi tsiku, ndi kuyanika nsapato. Sokosi yosachapa yogona pafumbi imathanso kusunga matekenya omwewo. Nsapato zansalu zimapuma bwino ndipo zimapindika ndi phazi, koma m'dzinja zikanyowa siziuma msanga.

Za gogoda ndi nsapato zosongoka za kuukwati ndi kutchalitchi ndingonena kuti zimakankhira thupi lonse ku zala. Maola ochepa pa mwambo palibe kanthu. Tsiku lililonse kuntchito, kwa zaka, ndi pamene fupa la m'mbali mwa chala chachikulu limayamba kutumphuka, makamaka ngati ndi zakumtundu.

Jombo

Kudimba, kudambo, kukhola ndi popopera mankhwala, jombo ilibe mnzake. Likodzo limalowanso pakhungu, munthu akaima m'madzi odekha mmene muli nkhono zosunga tizilombo take, ndipo wothirira ndiwo zamasamba amaima m'madzi otero m'mawa ndi madzulo. Jombo imathandiza malinga madzi asapitirire kukamwa kwake. Njoka zambiri zimaluma kuphazi ndi kumunsi kwa mwendo. Mphiri ndiyo yoopsa kwa woyenda pansi, chifukwa siithawa ikamva mapazi, imangokhala phee m'kanjira kapena m'masamba ouma, ndipo imayenda kwambiri usiku. Jombo ndi tochi zimachepetsa ngozi imeneyi kuposa china chilichonse chimene mlimi angagule. Popopera thonje kapena fodya, miyendo ya buluku ikhale kunja, kuphimba jombo, kuti mankhwala otsika asathirikire m'kati.

Koma walira mvula walira matope. Jombo imatentha, imalemera, ndipo thukuta silituluka. Kuivala tsiku lonse, kuchoka kumunda kupita nayo kumsika ndi kumowa, kumafewetsa khungu mpaka kusupuka. Ikabooka n'kumasunga madzi m'kati, yasanduka yoipa kuposa nkhwayira. Ntchito ikatha ivuleni, tsukani mapazi, iyanikeni chozondotsa pa zikhomo. M'mawa igwedezeni musanapise phazi, pakuti zinkhanira zimakonda mdima wa m'menemo.

Amene alibe chosankha

Zonse ndanena zoyamikira phazi lokha sizikhudza munthu wa matenda a shuga. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha ya kumapazi, munthu n'kuyamba kumva dzanzi, kutentha kapena kusamva kalikonse, ndiponso magazi safika bwino kuzala. Woteroyo akhoza kuponda msomali, kupsa ndi khala la pambaula kapena kuyenda tsiku lonse kamwala kali mu nsapato osadziwa, ndipo kachilonda kakang'ono kamatha kufika podulitsa chala kapena mwendo. Achikulire athu a shuga asayende osavala kanthu ngakhale m'nyumba. Patapata wa kachingwe ka pakati pa zala sawayenera. Afunika nsapato yotambalala, yofewa m'kati, ndi masokosi osathina. Azipisa dzanja mu nsapato asanavale, ndipo madzulo aliwonse wina aziwayang'ana kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala. Asadule zikhungu zolimba ndi lezala, asawothe moto mapazi ali pafupi. Chilonda chilichonse, ngakhale chosapweteka, apite nacho kukiliniki msanga, chisanafike poti atumizidwe ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete. Amene anadwalapo khate n'kutsala ndi dzanzi kumapazi, malangizo ndi omwewa.

Mayi woyembekezera sali m'gulu limeneli, koma magazi ake ndi ofunika kawiri, choncho m'dzinja asaponde dothi lonyowa la pafupi ndi chimbudzi kapena la kumunda osavala kanthu.

Tsono pakhomo pamene ndalama ndi yowerengeka ndingayale motere. Mwana wathanzi asiyidwe kusewera osavala kanthu masana pabwalo losesedwa, pamchenga woyera kapena pabwalo la mpira limene mwaliona kuti lilibe magalasi, malinga nkhumba ndi agalu sizigona pamenepo. Phazi lake likupindula ndipo nsapato ya kusukulu ikupuma. Ndalama yoyamba ipite ku patapata wa kuchimbudzi wa aliyense, yachiwiri ku jombo ya amene amagwira kudimba, ndipo nsapato ya kusukulu igulidwe poyang'ana kutambalala kwake, osati kuwala. Munthu wa m'tauni amene wamva kuti kuyenda osavala nsapato kumalimbitsa phazi ayambe pang'onopang'ono, mphindi zochepa pa kapinga kapena pabwalo la kunyumba, chifukwa khungu ndi minofu yozolowera nsapato zimatenga miyezi kuti zilimbe, ndipo wothamangira amadzapweteka chidendene.

Zina zimene zimateteza phazi sizigulidwa kusitolo ya nsapato. Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro chimene ana nawonso amagwiritsa ntchito chimadula njoka za m'mimba pa gwero lake. Nkhumba zikhale m'khola kutali ndi khonde. Pansi pa nyumba pazizilidwa kawirikawiri kapena paikidwe simenti, chifukwa matekenya ambiri amagwira ana m'nyumba momwe amagona ndi m'makalasi afumbi, nthawi imene nsapato zavulidwa kale. Madzulo mapazi atsukidwe ndi sopo, zidendene zikwechedwe pamwala mosapitiriza, n'kupaka Vaseline kapena mafuta alionse pa ming'alu. Ndipo amene waponda msomali, waya kapena munga wolowa kwambiri atsuke bala ndi madzi ambiri ndi sopo, asathiremo dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto, apite kukiliniki tsiku lomwelo akafunse za katemera wa kafumbata.